Naini, Koma, Kenako Nambala

Lolemba

Saidi wasinthanso chithunzi cha pa foni. Kachitatu mwezi uno. Shati ya buluu, chingwe cha ID m'khosi, manja wapinda pachifuwa ngati mwini ndege. Pansi walemba kuti "Technician".

Technician! Munthu amene ndinakhala naye desiki imodzi ku Ntaja, amene ankakopera masamu kwa ine mpaka tsiku lina anakopera ndi dzina langa lomwe.

Zaka zinayi takhala tonse pageti la kompaundi ino ya ku Al Duhail, kuno ku Qatar. Lamulo latsopano litangotuluka, loti munthu akhoza kusintha ntchito popanda kalata ya bwana, iye ulendo. Ine ndidakali pano. Kukweza chitsulo cha pageti, kutsitsa chitsulo cha pageti, kuloza anthu kamfuti koyezera kutentha pamphumi, kuwauza andionetse foni ngati app ya corona ili green.

Voice note ya Patuma, mkazi wanga: "Mwaona chithunzi cha Che Saidi? Koma anenepa bwino." Za ine wangofunsa ngati ndikumwa madzi okwanira.

Koma lero Mulungu wandikumbukira. Mudiru, manejala wathu, wabwera pageti thukuta lili kamukamu. Ku kompaundi yathu ina ya ku Madinat Khalifa kapinga akuuma. Madzi othirira amayendetsedwa ndi bokosi lakalekale la m'chipinda cha mapampu. Mabatani ake anafa, limamva pokhapokha uliimbire foni ndi kompyuta. Wodziwa kuliimbira ndi injiniya wathu wa ku India, ndipo corona anamutsekera kwawo, akudikirabe chilolezo chobwerera. Bokosilo likuthirira ngati kudakali kozizira, pang'ono, kamodzi pa masiku atatu. Mudiru akufuna lilandire fayilo ya nyengo yotentha: folo koloko m'mawa, tsiku lililonse.

"Who knows computer?"

Dzanja langa lakwera lokha. Satifiketi ndili nayo. Ku Zomba, masabata atatu, kutaipa ndi kusindikiza. Za masabatawo sanafunse.

Pulani:
1. Kuimbira bokosi.
2. Kutumiza fayilo.
3. Kalata yoyamikira ya Mudiru.
4. Ntchito yatsopano, shati ya buluu, chingwe chachikulu kuposa cha Saidi.
5. Chithunzi.

Andipatsa laputopu yolemera ngati njerwa zitatu, kabokosi kotuwa ka timagetsi tofiira komwe akuti ndi modemu, zingwe zinayi, ndi kabuku ka injiniya, theka Chingerezi, theka zilembo za kwawo zozungulira ngati nkhono zogona. Andipatsanso mpando wa matayala. Mpando wa matayala! AC ikundiomba pakhosi. Ndazungulira kawiri, palibe wandiona.

Pulogalamu yake ndi sikirini yakuda bii, kamzere kamodzi kakuphethira pakona. Kabuku kakuti: lemba AT, modemu iyankha OK.

Ndalemba AT. Zii.
Ndalemba ndi zilembo zazing'ono. Zii.
Ndalemba "AT please". Zii.

Tsiku loyamba munthu sathamanga. Saidi naye sanayambe ndi kunenepa.

Lachiwiri

M'mawa. Kabuku kakuti pulogalamu iyenera kuuzidwa khomo limene chingwe chalowera. Makomo ndi anayi, COM1 mpaka COM4. Ndagogoda loyamba, zii. Lachiwiri, zii. Lachitatu layankha!

Koma chimene layankha. Timitanda, timivi, tinkhope, zilembo zonga za m'hirizi, chithumwa cha kwa shehe. Ndabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe.

Kabuku tsamba lachinayi: kompyuta ndi modemu ziyenera kulankhula liwiro limodzi. Pali mndandanda wa manambala. Ndasankha yaikulu kwambiri. Kuchedwa kwa chiyani? Zaka zinayi ndachedwa kale. Hirizi yemweyo. Ndatsika pang'ono. Hirizi. Injiniya anazunguliza 9600 katatu ndi cholembera chofiira, ndinaiona poyamba pomwe, koma ndi nambala ya anthu opanda maloto.

Teni koloko ndagonja. 9600. AT.

OK.

OK! Zilembo ziwiri, koma misozi inali pafupi. Ndazijambula, ndaika pa status. Aona anthu khumi ndi mmodzi. Saidi waona. Patangotha mphindi zisanu nayenso waika yake: ali m'galimoto ya kampani, mpando wa kutsogolo, lamba pachifuwa, magalasi akuda. Wa kutsogolo!

Patuma: "OK wa chiyani, bambo?"

Masana. Tsopano kuimba. Kabuku kakuti lemba ATDT, kenako nambala ya bokosi. Ndalemba. NO DIALTONE. Ndalembanso. NO DIALTONE. Kakhumi. Ndanyamula foni ya patebulo, ikumveka bwinobwino.

Kumbuyo kwa modemu kuli mabowo awiri, lina PHONE, lina LINE. Chingwe ndi cha foni. Ndinachilowetsa pa PHONE. Ndiuzeni, wolakwa ndani pamenepa? Ndazindikira nthawi ya swala ya Asr itakwana kale.

Anthu amene anayenera kundiuza:
injiniya,
aphunzitsi a ku Zomba,
amene anapanga kabokosika.

Mudiru wasuzumira pakhomo. "Finish?" Ndati mawa, inshallah. Wandiyang'ana ngati akudziwa mtundu wa inshallah umene ndagwiritsa ntchito.

Lachitatu

Chingwe pa LINE. ATDT, nambala. Kabokosi kalira titi-titi-titi, kenako foni ikuitana kwinakwake. Ndasendera pafupi.

Kenako m'kabokosimo mwatuluka mawu a nkhalamba: "Alo? Alo? Min?"

Bokosi la mapampu likulankhula Chiarabu! Ndadzuka, bondo lagunda tebulo. Mawu aja atukwana pang'ono, adula. Sikirini: NO CARRIER.

Ndaganiza mwakuya. Mwina malaini asokonezana, zimachitika. Mu pulogalamu ndapeza malo ouza modemu kuti ikalephera iziimbanso yokha. Ikufunsa kangati. Ndalemba 99. Technician weniweni sakhala pansi kudikira makina, makina ndi amene amamugwirira ntchito. Ndapita kukaswali, ndadya, ndamwa tiyi wa karaki.

Pobwera ndapeza Mayi Halima pakhomo la ofesi, manja m'chiuno. Ndi a ku Thyolo, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Villa 44, amandiposa ndi zaka khumi kapena kuposerapo. Timangopatsana moni akamakataya zinyalala.

"Achimwene, ndinu mukuimba kwathu? Abwana aakulu amagona masana. Foni yalira mpaka aikulunga m'bulangete, aitsekera m'kabati, ikulirabe."

Nkhani yake ndi iyi. Nambala ya ku Madinat Khalifa imayamba ndi 4 ndi 4. Foni ya mu ofesi imadzera pa switchboard ya kompaundi. Switchboard ikangomva 44, siidikiranso zotsalazo, imathamangira ku Villa 44.

Ndathimitsa msanga. Iwo asuzumira pa sikirini kamodzi kokha, magalasi ali pamphuno.

"Ikani naini, koma."

Ndadikira. Sakupitiriza.

"Koma chiyani, mayi?"

"Koma basi. Kampatuliro kaja. Naini ndi yotulukira kunja, koma ndi yoti ipume kaye isanaimbe." Atembenuka, apita.

Ndani wawafunsa? Munthu wa mopu! Ayenera kuti anangomva injiniya akuyankhula tsiku lina. Maola awiri ndakana kuyesa. Ndayesa ziro. Ndayesa nyenyezi. Ndayesa kupukuta chingwe. Kenako ndatseka chitseko, ndatsitsa katani, ndalemba naini, kampatuliro, nambala.

Kabokosi kalira ngati mphaka wopondedwa mchira, kakhosomola, kachita phokoso la wailesi yosowa siteshoni, kenako duu.

CONNECT 9600.

Ndauza Mudiru kuti vuto linali la naini, ndalipeza. Si bodza lenileni. Ndinalipeza pamene analiika. Iye wati "Mashallah." Kamodzi. Saidi akuti bwana wake amamutcha wokondedwa wake, "habibi".

Lachinayi

Hafu seveni m'mawa ndili kale pampando. CONNECT koyamba komwe. Bokosi lalemba funso: RESET? Y/N.

Y. Munthu wofuna ntchito sayankha No pa funso loyamba. Funsolo silinabwerenso tsiku lonselo.

Tsopano kutumiza fayilo. Pulogalamu ikufuna ndisankhe njira yotumizira: XMODEM, YMODEM, ZMODEM. Ndasankha Z. Ndi yomalizira, ndiye kuti ndi yatsopano, ndiye kuti ndi imene Saidi sanaifike. Hirizi wadzaza sikirini, laini yaduka.

Kuimbanso. Mphaka. CONNECT. Y. YMODEM imeneyo: yaima phee mphindi khumi, yaduka.

Kuimbanso. X, ya agogo. Yayamba kuyenda! Manambala akukwera pang'onopang'ono ngati munthu wa nyamakazi pa masitepe. Teni, twente, fote. Fifite. Sevente.

Wokolopa mu ofesi wanyamula foni ya kukhitchini kuti aitanitse tiyi. Laini ndi imodzi. NO CARRIER.

Ndalemba pepala m'zinenero zitatu, ndamata pa foni ya kukhitchini. Chachitatucho ndi Chiyao, palibe angachiwerenge, koma ndi mmene munatulukira mawu enieni.

Pa gulu lathu la Amalawi, voice note ya Saidi: "Abale, amene ali ndi vuto la network asachite manyazi, andiuze." Anthu asanu ndi awiri ayankha "Zikomo Che Saidi", "Mulungu akudalitseni engineer". Zikomo wa chiyani? Wakonza chiyani? Wangolankhula!

Filii koloko masana, ulendo wachisanu ndi chimodzi. Ndagwira chitseko cha kukhitchini ndi phazi, maso pa sikirini. Nainte. Nainte eyiti.

TRANSFER COMPLETE.

Khalas, zatha! Mudiru wandimenya paphewa, wati kalata Lamulungu. M'dirowa ya injiniya ndapeza chingwe cha ID, chofiira, chachikulu bwino. Ndabwereka shati kwa dalaivala wa kampani. Zithunzi makumi awiri, chabwino ndi chimodzi, laputopu ikuoneka kumbuyo. Ndichiika mawa, tsiku lopuma, anthu onse ali pa foni.

Madzulo Mayi Halima adutsa ndi bini. "Wotchi ya bokosi mwaiona, achimwene?"

"Zonse zili under control, mayi."

Wotchi yanji? Anthu ena safuna kuona mnzawo akukwera.

Lachisanu

Faifi koloko m'mawa ndaimbira mlonda wa ku Madinat Khalifa, mnzathu wa ku Nepal. Madzi atuluka? "No water, brother." Sikisi koloko. "No water." Mwina bokosi nalo limapuma Lachisanu. Lakhala m'dziko lino nthawi yaitali.

Leveni koloko ndaika chithunzi. Pansi ndalemba "Systems Technician". Mawu awiri. Saidi ali ndi amodzi.

Hafu leveni madzi atuluka.

Ndaona pa vidiyo, chifukwa vidiyo ilipo. Abambo a m'kompaundimo akupita ku Juma, mikanjo yoyera mbee, yositasita, mamasiki kumaso, aliyense mkeka wake woswalira m'khwapa monga mwa malamulo a corona. Njira ya ku geti imadutsa pakati pa kapinga. Mipopi yonse, mbali zonse, nthawi imodzi. Wina wathamangira kumanzere, kuli madzi. Kumanja, madzi. Bambo wina wonenepa wadziphimba ndi mkeka, waima pakati ngati chiboliboli. Nkhalamba ina masiki yaimata kumaso, ikuyenda manja ali patsogolo. Pakumveka mwana akuseka pawindo mpaka kutsamwa.

Mnzathu wa ku Nepal wafufuza kiyi wa valavu mphindi makumi anayi.

Foni ya Mudiru. Mawu amene ndamva:
"Why",
"why",
"brother of the owner",
"why",
ndi ena a Chiarabu osayenera tsiku la Juma.

Pofika Asr vidiyo yafika pa gulu la Amalawi. Waiika ndi Saidi. "Abale, iyi si kompaundi ya kampani ya achimwene athu aja? Tiwapempherere." Ndi kankhope kolira. Ndikumudziwa Saidi. Ankaseka mpaka kugwa pabedi.

Ndachotsa chithunzi. Anachiona kale anthu makumi anayi ndi asanu ndi mmodzi. Patuma anachitumiza kale kwa amayi ake, kwa azakhali ake a ku Balaka, ndi kwa akazi ake a Saidi.

Sindinadye.

Loweruka

Mpando wa matayala andilanda. Ndaima pakona ngati mwana wasukulu. Mudiru waitana kampani ya kunja. Kampani yake iti? M'Doha monse muno, makampani mazanamazana, iti?

Naini koloko galimoto yaima. Watuluka Saidi. Yekha. Injiniya wawo app yasanduka yellow, ali pa quarantine, ndiye atumiza amene analipo. Perefyumu yafika mu ofesi iye asanafike. "Assalam alaikum, achimwene, pepani ndi zovutazi." Wakhala pampando wanga. Wazungulira kamodzi. Mudiru wamubweretsera madzi a m'botolo. Ine sabata yonse ndimamwa a pampopi.

Wayang'ana sikirini yakuda. Wayang'ana kabokosi. Wakatembenuza, wawerenga pansi pake. Wathimitsa laputopu, wayatsanso. Wathimitsanso.

Mudiru atatuluka kukayankha foni, Saidi wandikodola, mawu ali pansipansi: "Akulu, mouse yake ili kuti? Ine kuntchito ndimangonyamula makwerero ndi kukoka zingwe m'denga. Ndithandizeni, andichotsa."

Makwerero! Alhamdulillah! Sindinamvepo kukoma kotere chibwerere ku Qatar. Mapewa anga atsika, njala yabwerera. Mpando wa kutsogolo uja ndi chifukwa kumbuyo kumakhala makwerero!

Chimwemwecho chakhala mphindi makumi awiri.

Mayi Halima agogoda. Abwana awo awatuma adzafunse ngati foni ikhoza kutuluka m'kabati. Aona anthu atatu aamuna tazungulira laputopu ngati maliro. Apempha Mudiru mwaulemu, m'Chingerezi chosalala chimene sindinadziwe kuti ali nacho, ngati angayang'aneko. Mudiru watambasula manja, wati yalla, yesani, palibenso chotsala choti chionongeke.

Saidi wadzuka. Iwo apukuta manja pa epuloni, akhala. Sanazungulire.

Zala zawo! Sayang'ana n'komwe mabatani. Mphaka walira, CONNECT. Funso lija labwera, RESET, iwo N, osaphethira. Alemba kenakake, bokosi laonetsa nthawi yake. Likuti ndi thuu koloko m'bandakucha, pamene kunja dzuwa lili pamutu pa galimoto.

"Munayankha Y nthawi yanji, achimwene?"

"Hafu seveni."

"Ndiye bokosi linayamba kuwerenga tsiku kuchokera pamenepo. Folo koloko yake ndi hafu leveni yathu. Fayilo munatumiza bwino. Linamvera ndithu."

Akonza wotchi, aona fayilo, atsitsanso ina yoonetsa madzi amene bokosi lathira miyezi isanu ndi umodzi, imene Mudiru wakhala akuifuna chichokere injiniya. Tiyi wa Mudiru anali asanazizire.

Zaka zisanu ndi zinayi, akuti, anali kalaliki ku esiteti ya tiyi ku Thyolo. Madzulo aliwonse ankatumiza makilo a masamba ku ofesi ya ku Blantyre pa kabokosi ngati komweka, pa laini yoti mvula ikagwa imaduka. Kenako kunabwera makina atsopano, anthu anachepetsedwa. "Kuno palibe anandifunsapo. Amangofunsa ngati ndimadziwa kusita."

Mudiru: "Mashallah. Mashallah. Mashallah, engineer."

Katatu. Ndi engineer pamwamba.

Lamulungu

Pageti. Chitsulo m'mwamba, chitsulo pansi. Kamfuti pamphumi. Green, pitani. Green, pitani.

Madzi atuluka folo koloko m'mawa ndendende. Mnzathu wa ku Nepal wanditumizira pa foni kachithunzi ka chala chachikulu, ngati ndine ndakonza. Sindinamutsutse.

Kalata yalembedwa lero monga analonjezera Mudiru. Dzina lokha ndi limene lasintha. Akuwafuna Mayi Halima mu ofesi, makompaundi onse atatu a kampani, mafoni, mabokosi, zonse zimene injiniya anasiya. Lamulo latsopano lija ndi lawonso. Apereka notisi ku Villa 44. Madamu awo akuti alira, kenako akalipa, kenako afunsa amene adzasita.

Ine sanandichotse. Mudiru wati munthu amene mchimwene wa mwini kompaundi akumufuna ndi bwino akhale pamalo poti sakhudza chilichonse cholumikizidwa ku magetsi. Kamfuti ndi ka mabatire.

Patuma: "Ndiye mayi a ku Thyolo aja ndi mabwana anu tsopano? Koma akazi ndife anzeru." Wafunsanso za madzi akumwa.

Ndayesa kuwada Mayi Halima m'mawa wonse. Zikuvuta. Masana abwera pageti ndi mandazi anayi m'pepala, ati: "Munafika patali, achimwene. Ine X uja ananditengera mwezi. Nthawi ya lunch muzibwera, ndikuonetseni bwinobwino. Mubwere ndi kope."

Ndati ndiona ngati mpata upezeka. Kenako ndapempha dalaivala andigulire kope ku shopu ya ku Al Murra, la masamba makumi anayi, lachikuto chofewa.

Wani koloko ndalowa mu ofesi. Iwo pampando wa matayala. Patsogolo pawo mipando iwiri ya pulasitiki. Pa umodzi pakhala kale Saidi. Wapempha maola awiri kuntchito kwake, akuti nayenso akufuna kudziwa. Wafika msanga, watenga mpando wa pansi pa AC.

Kope lake ndi lachikuto cholimba. Lili ndi kalamba kotsekera.

Ndakhala pa wotsalawo, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini. Mayi Halima ati wokhala pamenepo ndiye aziletsa anthu kunyamula foni.